Zilembo zoduladula za pa mabokosi a tiyi: kodi zingakhale bwino pa botolo la uchi?

Mayi wa Uchi, Likhubula: Moni nonse pa gulu. Ndili ndi funso kwa inu odziwa zolemba ndi zojambula. Ife amayi a kuno ku Likhubula timaweta njuchi, ndipo chaka chino uchi wachuluka moti tagwirizana zosiya kugulitsira m'mabotolo opanda dzina. Tikufuna lebulo yomata pa botolo, timabokosi tamatabwa tonyamulira mabotolo popita ku Blantyre, komanso chikwangwani cha pamsewu choti alendo okwera phiri azichiona. Ine mtima wanga uli pa zilembo zija zinkalembedwa pa mabokosi akale a tiyi, zakuda, zonenepa, zoduka pakati, zokhala ndi timiyendo kumapeto. Anzanga ena akukana, akuti zimenezo ndi zilembo za asilikali, sizigwirizana ndi chakudya. Tithandizeni maganizo. Tingazigwiritse ntchito? Nanga zimapezeka kuti?

Burashi, Chitakale: Amayi, zimenezo ndi zilembo za sitensulo, ndipo ine ndimadyera momwemo. Kuduka mukukuonako sikunabwere chifukwa chokongoletsa ayi, kunabwera ndi ntchito. Mukafuna kulemba mawu amodzimodzi pa mabokosi ambiri, simulemba ndi dzanja bokosi lililonse. Mumaboola zilembozo pa lata kapena pa pulasitiki, n'kumangosanjika pa bokosi ndi kupaka penti pamwamba. Tsono vuto limakhala pa zilembo za mimba. Mukadula O mozungulira mpaka kukumaniza, kachidutswa ka pakati kamagwa, mumangotsala ndi chibowo chozungulira. N'chimodzimodzi A, B, D, P, Q, R, ndi manambala 0, 4, 6, 8 ndi 9. Ndiye timasiya timilatho, tizigawo tosadula togwira kachidutswa kaja kuti kasagwe. Penti safika pamene pali kamlatho, n'chifukwa chake chilembo chimaoneka choduka. Ngakhale zilembo zopanda mimba monga M, S ndi E timaziikira timilatho, kuti nsonga zake zisamapindike burashi ikamadutsa. Mawu oti THYOLO ali ndi ma O awiri, aliyense amafuna kamlatho kumwamba ndi kumunsi. Inu muli ndi mwayi, chifukwa UCHI mulibe chilembo cha mimba ngakhale chimodzi.

Aphunzitsi, Bvumbwe: Ine ndili mbali ya anzanu aja, amayi. Zilembo zimenezi kwathu kuno timaziona pa madesiki a sukulu, pa mijigo, pa zitseko za malole pamene amalemba kulemera kwa galimoto, pa katundu wa boma. Munthu akaziona amaganiza za chinthu chowerengedwa n'kutsekeredwa m'chipinda chosungira katundu, osati chinthu chotsekemera chothira m'tiyi. Chinanso, ana a sitandade 2 ndi agogo athu a maso ofooka zimawavuta kuwerenga. S woduka amafanana ndi 5, B woduka amaoneka ngati 13. Ndaona ana akuima pa chilembo choduka n'kumafunsa ngati ndi chimodzi kapena ziwiri.

Kalaliki Wopuma, Thyolo: Ana anga, mwandikumbutsa ntchito yanga. Ndinagwira m'chipinda chopakira tiyi pa fakitale ina kuno ku Thyolo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo kulembera mabokosi kunali pansi pa ine. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, mwina aphunzitsi asintha maganizo.

Bokosi la tiyi linali la pulayiwudi, m'kati mwake moyalidwa pepala lonyezimira lotchinga chinyezi, m'mphepete momangidwa timalata. Likadzadza n'kukhomedwa, linkayenera kulembedwa dzina la esiteti, nambala ya invoisi, giredi ya tiyiyo monga BP1, PF1, PD kapena D1, kulemera kwa bokosi lonse, kulemera kwa bokosi lopanda kanthu, kulemera kwa tiyi yekha, kenako PRODUCE OF MALAWI. Masitensulo athu anali achitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo tinkawakoloweka pa misomali kukhoma, aliyense pamalo pake. Inki inali yakuda, burashi yozungulira ya ubweya waufupi wolimba.

Mabokosi amenewo ankayenda ulendo wautali. Ambiri ankakwera sitima ya pamtunda pa Luchenza kupita ku doko la Beira, nkhondo ya ku Mozambique isanatseke njira imeneyo, n'kukakwera sitima ya panyanja. Msika waukulu wa tiyi unali ku London, ndipo unatsekedwa mu 1998. Wina ankagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe konkuno. M'njira monsemo bokosi limakhwekhwerezedwa, kusanjikizidwa, kunyowa, kukhala m'nyumba zosungira katundu zamdima. Ndiye chilembo chinkayenera kukhala chonenepa kuti ngakhale theka litakalika, munthu athe kuzindikira. Timiyendo tija tinali ndi ntchito yake. Tinkasiyanitsa I ndi 1, ndipo mu giredi ngati PF1 kapena D1 kusokoneza chilembo chimodzi kunali kutaya ndalama, chifukwa giredi iliyonse ili ndi mtengo wake.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Wogula wa kutali sankaliona munda, sankawadziwa othyola masamba. Ankadziwa dzina lolembedwa pa bokosi. Dzinalo likakhala ndi mbiri yabwino, mtengo unkakwera lisanatsegulidwe n'komwe. Tiyi ku Mulanje anayamba kulimidwa ngati malonda mu 1891 pamene Henry Brown anabzala ku Thornwood, kuno ku Thyolo Satemwa inayamba mu 1923, ndipo zaka zonsezo dzina la dera lathu linkatuluka m'dziko muno litalembedwa ndi zilembo zoduka zimenezi, mpaka pamene matumba a mapepala analowa m'malo mwa mabokosi. Kwa ine si zilembo za asilikali. Ndi zilembo za katundu amene mwini wake sachita naye manyazi.

Mayi wa Uchi, Likhubula: Zikomo kwambiri bambo. Kwa agogo anga kunali bokosi lotero, ankasungiramo mbale ndi makapu. Sindinkadziwa kuti manambala aja anali ndi tanthauzo lonseli.

Dizaina, Luchenza: Agogo, zimene mwafotokozazi azungu okonza zilembo anazionanso. Mu 1939 kampani yopanga zilembo zosindikizira ya Stephenson Blake ku Sheffield inatulutsa fonti, kapena kuti mtundu wa zilembo, yotchedwa Tea Chest, yojambulidwa ndi Robert Harling. Anatengera maonekedwe a zilembo za pa mabokosi a tiyi omwewo, zazitali, zonenepa, za timiyendo tokhuthala. Choncho amayi, chimene mtima wanu ukufuna chilipo ndithu, ndipo chili ndi dzina.

Koma anzanu aja sakunamanso. Vuto ndi loti anthu ambiri amadziwa fonti imodzi yokha ya mtundu umenewu, ija imapezeka mu Microsoft Word yotchedwa Stencil. Inajambulidwa ndi Gerry Powell mu 1937 ku American Type Founders, ndipo chaka chomwecho R. Hunter Middleton anajambulanso ina ya dzina lomwelo ku kampani ya Ludlow ku Chicago. Ya mu Word ija ili ndi zilembo zazikuluzikulu zokha, ndipo thupi lake linachokera ku banja la Clarendon, zilembo za timiyendo zonenepa zimene zinatuluka ku London mu 1845. Imeneyi ndi imene yagwiritsidwa ntchito mopitirira pa mafilimu a nkhondo, pa zovala zamangamanga ndi pa zoseweretsa za ana, mpaka maso athu anazolowera kuti kuiona ndi kuona msilikali. Mukaiphatikiza ndi mtundu wobiriwira wa yunifolomu ya asilikali ndi kanyenyezi, basi, mwalemba bokosi la zipolopolo.

Pali banja lina lochokera ku France, losiyana kwambiri. Zilembo zake zimanenepa mbali ina n'kuwonda mbali ina, ndipo zimadukira pamene paonda. Katswiri wa zomangamanga Le Corbusier ankalembera mapulani ake ndi masitensulo achitsulo a mtundu umenewu. Zimenezi sizioneka zankhondo ngakhale pang'ono, zimaoneka zaulemu, n'chifukwa chake mumazipeza pa mapaketi a khofi ndi mabotolo a vinyo. Ndiye nkhani si yakuti sitensulo inde kapena ayi. Nkhani ndi yakuti iti.

Yaulere imene mungayambire ndi Stardos Stencil ya Vernon Adams, ili pa tsamba la pa intaneti la Google Fonts. Ili ndi timiyendo, ili ndi zilembo zazing'ono, ndipo si yaukali ngati ya mu Word ija. Black Ops One muipewe, imeneyo anaipangira zankhondo zenizenizo.

Burashi, Chitakale: Achimwene, ndikuuzeni chodabwitsa. Pamene ndinkaphunzira ntchito, bwana wanga ankandiuza kuti ndikachotsa sitensulo nditenge kaburashi kakang'ono nditseke timilatho tonse. Kasitomala akaona zilembo zoduka ankati ntchito sinathe, kapena mwamuchitira zotchipa. Lero achinyamata a ma saluni ndi mabala akubwera okha kudzapempha kuti timilatho tisatsekedwe. Ena mpaka akufuna ndikande zilembozo ndi sanipepa kuti zioneke zakale.

Dizaina, Luchenza: Eya, pa kukandako ndi pamene ndikufuna tikambirane bwino, chifukwa amayi akakalowa pa intaneti akapeza mafonti ambirimbiri olembedwa kuti rugged kapena distressed, okandikakandika kale, ngati penti wayamba kusupuka. Pa chithunzi chotsatsira amaoneka bwino zedi. Koma taganizani. Mu fonti, chilembo chilichonse chinajambulidwa kamodzi. Ngati A ali ndi chipsera kuphazi la kumanzere, A aliyense amene mulembe adzakhala ndi chipsera chomwecho, pamalo omwewo. Chichewa chathu chili ndi A paliponse. Lembani MAKADAMIYA muone, ma A anayi, onse okandika mofanana ndendende. Diso limazindikira msanga kuti izi n'zopeka, chifukwa chinthu chotha ndi ntchito sichitha mofanana malo anayi.

Mafonti ena abwino amakhala ndi A wamitundu iwiri kapena itatu amene amasinthana okha polemba, koma zimenezo zimagwira m'mapulogalamu odziwa luso la mafonti lotchedwa OpenType, ndipo tizipulogalamu tambiri ta pa foni sitichita zimenezo. Ine njira yanga ndi yotenga fonti yoyera yosakandika, kulemba mawu onse, kenako kusanjika chithunzi cha thabwa kapena cha khoma pamwamba pa mawu onsewo kamodzi. Pamenepo chilembo chilichonse chimatha mwa njira yakeyake.

Komabe kwa amayi pali njira yoposa imeneyi. Dulitsani sitensulo yeniyeni, pakani pa thabwa lenileni, jambulani ndi foni pa kuwala kwabwino, chithunzicho ndiye chikhale dzina la pa lebulo. Palibe wina aliyense adzakhale ndi zilembo zofanana ndi zanu.

Matisheti, Limbuli: Ndiloweko pang'ono ngati wosindikiza zovala, poti mwina mudzafuna matisheti kapena ma epuloni a gulu. Pa silk screen, njira yathu yosindikizira podutsitsa inki pa sefa ya ulusi, timilatho sitifunika kwenikweni, chifukwa ulusi wa sefa ndi umene umagwira tizidutswa ta pakati. Tikaika zilembo zoduka pa tisheti, ndiye kuti tangokonda maonekedwe ake. Ndipo amaoneka bwino ndithu pa nsalu, makamaka mtundu umodzi, oyera pa nsalu yakuda kapena akuda pa nsalu ya khaki. Matimu a mpira wa m'midzi kuno ku Limbuli ndi ku Muloza amakonda manambala otere kumsana.

Chimene chimatisautsa ndi mafonti okandika aja achimwene anenawa. Timadontho tating'onoting'ono timene timapanga kukandikako timatsekeka ndi inki mukasindikiza matisheti ochepa chabe, kapena timakokoloka potsuka sefa. Mapeto ake tisheti yoyamba ndi yomaliza sizifanana. Kamlatho kakakhala kopyapyala kwambiri, inki imafalikira n'kukatseka, chilembo chimaoneka ngati chili ndi chilema m'malo mooneka choduka mwadala. Mukamatitumizira dizaini, timilatho tikhale toonekera bwino, ndipo kukandika kukhale kwa zigamba zikuluzikulu, osati fumbi.

Burashi, Chitakale: Tsono ndifotokoze za kudula ndi kupaka, poti amayi adzafuna kumalemba okha mabokosi awo osandiitana nthawi zonse.

Katoni musaidalire. Imamwa penti, imafufuma, mukapaka mabokosi ochepa m'mphepete mwa zilembo mwayamba kale kunyenyeka. Ife timakonda filimu yakale ya X-ray, chifukwa ndi yopyapyala, yolimba, imadulika bwino ndipo imatsukika. Ikasowa, chikuto cha pulasitiki cha fayilo chimagwira ntchito. Ya lata ndi yokhalitsa zaka, koma kudula timiyendo pa lata kumafuna tchizulo chakuthwa ndi dzanja lozolowera. Mumasindikiza mawuwo pa pepala mu saizi yeniyeni, kumata pansi pa filimu, kuika pa galasi kapena pa thabwa losalala, n'kumadula ndi mpeni wa nsonga kapena lezala latsopano. Yambani ndi tizigawo tating'ono, timiyendo ndi m'makona, zikuluzikulu pambuyo, chifukwa filimu ikabooka malo ambiri imafooka. Pa chilembo chotalika masentimita 10, ine kamlatho sindikachepetsa kuposa theka la sentimita.

Apa ndichenjeze achimwene a ku Luchenza. Mafonti ambiri a pa kompyuta anajambulidwa kuti azioneka ngati sitensulo, osati kuti adulidwe. Timilatho take ndi topyapyala ngati ulusi, ndipo ena amaiwala kuika kamlatho pa 4 kapena pa a wamng'ono. Musanatumize kwa wodula, yang'anani chilembo chimodzichimodzi, mudzifunse kuti kachidutswa aka kagwira pati.

Popaka, mdani wamkulu ndi penti wochuluka. Musathire thina wambiri, penti akhale wokhuthala. Tengani kasiponji ka matiresi akale, viikani pang'ono, pukutirani pa nyuzipepala mpaka kaoneke ngati kauma, kenako muzidinda kuchokera pamwamba, osati kukhwekhwereza. Mukakhwekhwereza, penti amalowa pansi pa filimu ndipo timiyendo timasanduka zibulunga. Bola kudinda kawiri mopepuka kusiyana ndi kamodzi monyowa. Gwirizitsani ndi tepi m'makona, ndipo chotsani monyamula molunjika penti asanaumiretu. Masiku a chiperoni musapake panja, penti wa mafuta sauma, amangonata mpaka mawa. Mukamaliza tsukani sitensulo ndi palafini nthawi yomweyo, muisunge chogona pakati pa makatoni awiri kuti isapindike.

Kukandika kumene anthu akukufuna pa kompyuta kumabwera kokha mukadinda ndi siponji youma pa thabwa la mizere. Simufunika kukuwonjezera.

Kalipentala, Nkando: Pa matabwa ndithandizepo. Amayi, ndikudziwa kuti pa Likhubula pali timabokosi ta mkungudza tonunkhira bwino ndipo mwina mtima ungakopeke, koma chonde mabokosi onyamulira katundu asakhale a mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Paini ndi wokwanira, ndi wopepuka, woyera, ndipo zilembo zakuda zimaoneka bwino pamenepo kuposa pa bulugamu amene amakonda kung'aluka akamauma.

Paini ali ndi khalidwe limodzi, amamwa penti motsatira mizere yake. Mukadinda pa thabwa losakonza, m'mphepete mwa chilembo mumatuluka tindevu. Ngati mukufuna zilembo zakuthwa, palani thabwa, pakani vanishi wopepuka kamodzi, aume, kenako dindani. Ngati mukufuna maonekedwe a bokosi lakale, ingopalani pang'ono n'kudinda choncho, koma siponji ikhale youma kwambiri. Thabwa likhale louma bwino, lauwisi limatulutsa utomoni ndipo penti sagwira. Chinanso, konzani kuti mawu akwane pa thabwa limodzi. Mawu akadutsa pa mpata wa pakati pa matabwa awiri, mwawonjezera kuduka kwina pa zilembo zoduka kale, ndipo pamenepo ndiye sawerengeka.

Aphunzitsi, Bvumbwe: Bambo a ku Thyolo andigwira mtima, ndipo pa dzina lalikulu ndavomera. Koma pa tizilembo ting'onoting'ono sindisuntha. Pa lebulo ya chakudya pamafunika kulemera kwake, dzina ndi keyala ya opanga, tsiku lopakira ndi tsiku lothera ntchito, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayang'ana zimenezo. Mizere imeneyo ikalembedwa ndi zilembo zoduka, palibe angawerenge atagwira botolo m'sitolo. Nambala ya foni makamaka, 3, 6, 8 ndi 9 zimasokonezeka.

Ndifunsenso achimwene a ku Luchenza. Ife timaphunzitsa ana kulemba ng'ombe, m'mudzi, m'phiri, ndi kachizindikiro kaja pamwamba. Ena amalembabe Malaŵi ndi ŵ wa kachipewa. Kodi mafonti amenewa ali nazo zonsezi? Ndimadandaula ndikaona chikwangwani cholembedwa MPHIRI pamene amafuna kunena M'PHIRI. Wina angaganize kuti mukugulitsa njoka.

Dizaina, Luchenza: Aphunzitsi, pa tizilembo ting'onoting'ono tagwirizana kotheratu. Mafonti amenewa ndi a mitu, anapangidwira mawu awiri kapena atatu akuluakulu. Pa lebulo yonse sitensulo ikhale pa dzina lokha. Zotsalazo zilembedwe ndi fonti wamba yopanda timiyendo, monga Open Sans kapena Arial, ndipo mafonti asapitirire awiri. Mutalikitsenso zilembo pang'ono, chifukwa mpata wa pakati pa zilembo ukafanana ndi kukula kwa kamlatho, diso silidziwa pamene chilembo chathera. Mawu athu ndi aatali, choncho fonti yopanikizana, yaitali m'mwamba ngati Tea Chest ija, imatikwanira bwino kuposa yotambalala.

Za ŵ, mafonti ambiri aulere a mitu alibe. Mukalemba, pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, kapena kompyuta imabwereka ŵ wa fonti ina, woonda pakati pa zilembo zonenepa. Chilembo chimenechi chimagwiritsidwanso ntchito m'chilankhulo cha ku Wales, ndiye fonti ikanena kuti imakwanitsa Welsh, ŵ alimo. Njira yachidule ndi kulemba mawu anu enieni m'kabokosi koyesera pa Google Fonts musanachite dawunilodi. Kachizindikiro ka m'phiri kamakhalamo pafupifupi m'mafonti onse, koma pa sitensulo yodula kamakhala kabowo kakang'ono kotsekeka msanga ndi penti, ndiye kakulitseni pang'ono.

Chinanso ndi chilolezo. Mafonti ambiri a pa masamba aulere amalembedwa kuti personal use only, kutanthauza kuti simuloledwa kuwaika pa katundu wogulitsa musanalipire. A pa Google Fonts ambiri ali pansi pa SIL Open Font License, imene imalola malonda. Tea Chest ndi yogula. Ndipo mukamapita kosindikiza ku Limbe kapena ku Blantyre, musapereke fayilo ya Word, chifukwa kompyuta yawo ikakhala ilibe fonti yanu imaikapo ina. Mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW sankhani mawuwo, dinani Ctrl ndi Q kuti asanduke zojambula, kenako sungani ngati PDF. Amene mukugwiritsa PixelLab pa foni, fonti mutha kuilowetsa, koma sungani chithunzi pa saizi yaikulu kwambiri.

Kalaliki Wopuma, Thyolo: Mwana wanga wa ku Bvumbwe wanena zoona pa manambala. Ife manambala tinali nawo paokha, kuyambira 0 mpaka 9, kachitsulo kalikonse nambala imodzi, chifukwa invoisi ndi kulemera zinkasintha tsiku ndi tsiku pamene dzina la esiteti silinkasintha. Amayi, chitani chimodzimodzi. Dzina likhale sitensulo imodzi yathunthu, manambala akhale paokha, kuti bokosi lililonse muzilembapo nambala ya ulendo umene munafula uchiwo. Nambala yomweyo ilembedwe m'kaundula, pamodzi ndi tsiku ndi ming'oma imene uchiwo unachokera. Wogula akadzadandaula kapena akadzayamikira, mudzadziwa kuti akunena uchi uti.

Mayi wa Uchi, Likhubula: Ndawerengera anzanga mauthenga onsewa titakhala pansi masana ano. Amene ankakana aja afewa atamva za bambo a ku Thyolo, koma apempha kuti mtundu usakhale wobiriwira wa asilikali. Tagwirizana zilembo zakuda pa pepala la khaki, dzina lokha ndi sitensulo, zina zonse zilembo wamba monga anenera aphunzitsi. Mabokosi akhala a paini. Chatsala ndi chikwangwani cha pamsewu. Galimoto zochokera ku Chitakale zimadutsa mothamanga ndithu pamalo pathupo. Zilembo zikule bwanji? Ndipo tilembepo zonse, uchi, sera, makandulo, nambala ya foni?

Burashi, Chitakale: Zonse ayi, amayi. Woyendetsa galimoto ali ndi kanthawi kochepa kwambiri koti ayang'ane kumbali. Mawu atatu kapena anayi ndi okwanira. Lamulo limene timayendera ndi loti masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo amawerengeka bwino pa mamita atatu. Ngati mukufuna munthu awerenge ali pa mamita 30 kuti apeze mpata woima, chilembo chikhale masentimita 25. Kwa zilembo zoduka ine ndimawonjezerako pang'ono, ndiye UCHI akhale masentimita 30. Ubwino wake, patali timilatho sitionekanso, diso limalumikiza lokha, munthu amangoona zilembo zonenepa. Akafika pafupi m'pamene amaona kuti n'zoduka.

Kumbuyo kwa chikwangwani chanu kudzakhala zobiriwira za mitengo ndi tiyi, ndiye bolodi likhale lachikasu kapena loyera, zilembo zakuda. Khaki wa pa lebulo uja pamsewu amazimirira m'fumbi. Chiimikeni pambali pa msewu choyang'ana kumene galimoto zikuchokera, cholembedwa mbali zonse ziwiri, osati chotsamira khoma. Sera, makandulo ndi nambala ya foni zikhale pa kabolodi kena pafupi ndi tebulo logulitsira, pamene munthu waima kale. Zilembo zazikulu chonchi sitidula pa filimu, n'zazikulu kwambiri. Timadula pa katoni yolimba chilembo chimodzichimodzi, kulemba mozungulira ndi pensulo, n'kudzaza ndi burashi, timilatho n'kutisiya dala.

Matisheti, Limbuli: Chachikulu n'chakuti fonti ikhale imodzi yomweyo pa botolo, pa bokosi, pa chikwangwani ndi pa epuloni. Munthu amene waona bolodi pamsewu akalizindikire botolo lanu pa shelefu ku Limbe asanawerenge n'komwe.

Dizaina, Luchenza: Amayi, nditumizireni dzina lonse monga mukufuna lilembedwe, ndi muyezo wa botolo, kutalika kwake ndi kuzungulira kwake. Ndikonza mitundu itatu, wina wa timiyendo tokhuthala, wina wa ku France uja, wina wa Stardos Stencil, ndiike pano kuti gulu lione. Achimwene a ku Chitakale ayang'ane timilatho ngati tingapirire mpeni ndisanamalize.

Burashi, Chitakale: Tumizani, ndiyang'ana usiku uno. Muikemo ndi manambala onse khumi pa saizi ya masentimita 5, tione 4 ndi 8 mmene akhalira. Amayi, pobwera ku Chitakale mutenge thabwa limodzi la paini lomwe mupangire mabokosilo ndi botolo limodzi lopanda kanthu, tiyesere pamenepo tisanadule sitensulo yeniyeni.